Zikwa Pazenera la Annie

Tsache la Jemima linaima m'malere. Anali atasesa kale kunsi kwa bedi, atatulutsa mphasa ndi timabotolo ta mankhwala, ndipo chimene chinatsala n'kugwetsa kangaude wa pazenera. Koma atakankhira katani kumbali, anangoima n'kuyang'anitsitsa.

M'mphepete mwa felemu la zenera munali tinthu titandandalika ngati ana a sukulu pamzere. Kalikonse kanali kotalika ngati theka la chala, kosongoka kumutu ngati kali ndi timakutu tiwiri, ndipo kanatsamira chagada, katamangidwa m'chiuno ndi kaulusi koyera kopyapyala kuposa tsitsi. Tinali totuwa ngati khungwa louma. Pansi pa zeneralo panali botolo la madzi, atazikamo nthambi za mandimu zodyeka masamba, ndipo panthambipo panalinso tinthu tomweto, koma ito tinali tobiriwira. Kamodzi kokha kanali katada bii, mawanga achikasu akuonekera m'kati mwake ngati nsalu yamaluwa yokulungidwa m'pepala lonyowa.

Anakakhudza ndi nsonga ya tsache. Kanthu kaja kanagwedeza kumchira.

"Mayo ine!"

M'chipinda chimenechi ndi momwe Annie, mng'ono wake, anagona miyezi yonse ya kudwala kwake. Anamuika m'manda dzulo lake, mvula ya February 1996 ikuwaza, ndipo lero linali tsiku losesa. Anthu a mpingo ndi anansi a muno m'Kawale anali atabalalika. Anatsala ndi abale okhaokha, kuti akambirane za katundu ndi za mwana, kenako aliyense aone msewu.

Amene anamva kukuwa kuja anali Gwanda, mchimwene wawo wamkulu, mlimi wa mbatata ya kachewere kwawo ku Ntcheu. Monga mwinimbumba, mawu ake ndiwo anali omaliza pa ana a alongo ake. Analowa chipewa chili m'manja, nawerama pazenera paja nthawi yaitali.

"Mwina ndi zikwa, achimwene," anatero Jemima. "Zija zimakhala m'mitengo."

"M'mitengo, eya. Nanga muno ndi m'mitengo? Zikwa zinayamba liti kufola pamzere kumutu kwa wodwala?" Gwanda analoza ndi chala koma osakhudza. "Taona ulusi uwu. Wamanga ndani? Chinthu chodzimanga chokha m'chiuno iwe unachionapo?"

Jemima ankadziwa kumene mawuwo akulowera. Chaka chimene Annie anayamba kuonda n'chomwecho chimene Maxon, mwamuna wake, anakwezedwa kukhala kapitawo kufakitale ya fodya ku Kanengo, ndipo kumudzi anthu anali atazilumikiza kale ziwirizi. Maxon anali wa ku Thyolo, munthu wosalankhulalankhula, ndipo kusalankhula kwakeko sikunam'thandize. Iyenso Jemima, ngakhale ankaimba m'kwaya ya mvano, mawu akuti kukhwima anali atamufikapo m'mutu kangapo.

Gwanda ananyamula botolo lija ndi nthambi zake zomwe, atalitalikitsa ndi thupi lake ngati wanyamula njoka, natuluka nalo.

Pakhonde anali atayala mikeka. Dzuwa la m'mawa linali litaboola mitambo, madenga a malata akufuka nthunzi, ndipo kumsewu kunkamveka makondakitala a minibasi akuitanira za m'tauni. Maxon anakhala pampando wamfupi, jekete la maliro likumukulira m'mapewa. Thandie, mwana wawo mmodzi yekhayo, wa zaka zisanu ndi zitatu, anali atatsamira mwendo wa bambo ake. Gwanda anaika botolo pakatebulo pakati pa onse.

"Alamu," anayamba, "ife tinabwera kudzalira, sitinabwerere milandu. Makina osokera, mabulangete, mbale, zonsezo tikambirana mwaulemu. Koma tisanafike kumeneko, mutiuze. Izi n'chiyani?"

Maxon anayang'ana botolo lija, nkhope yake inasintha. Anadzuka pang'ono, nalikankhira mkati mwa tebulo kuti lisagwe.

"Chonde musaligwedeze kwambiri," anatero. "Chakudacho chatsala pang'ono."

"Chatsala pang'ono kutani?"

"Kutuluka. Ndi agulugufe, alamu. A mayi a Thandie."

Gwanda anaseka, koma kuseka kopanda mano. "Annie? Jemima, tawauza alamuwa za mng'ono wako."

"Annie ankaopa mbozi kuposa njoka," anatero Jemima. "Tili ana, ikangomugwera paphewa m'munda, ankataya khasu n'kuthamanga mpaka kunyumba. Ngakhale mphalabungu zokazinga sankadya."

"Ndi zoona," anavomera Maxon. "Ndinamukwatira akuopabe."

Anatsokomola, napukuta pakamwa ndi kansalu, kenako anayamba kufotokoza, maso ali panthambi paja osati pa anthu. Anati Annie atasiya kupalasa makina chifukwa miyendo inkamukanika, ankamuyalira mkeka kuseri, pansi pa mtengo wa mandimu. Tsiku lina akuweruka kuntchito anamupeza akuseka yekha, munthu amene anali atatha miyezi osaonetsa dzino. Anamulozera chitosi cha mbalame patsamba, chakuda ndi choyera, chonyezimira ngati changogwa kumene. "Tachiyang'anitsitsani, bambo a Thandie," anamuuza. Chitosi chija chinatukula mutu n'kuyamba kudya tsamba.

"Chinamugwira mtima n'chimenecho," anatero Maxon. "Anati kanthu kopanda mano, kopanda mbola, kadzisandutsa nyansi kuti mbalame zikanyansidwe nako. Kuyambira tsiku limenelo mtengo uja unasanduka wailesi yake."

Anaona zonse, Annie. Anaona mayi wake wa mbozi zija, gulugufe wamkulu wakuda wa mawanga achikasu, akubwera dzuwa likatentha, akupondaponda masamba ndi timiyendo take ngati mayi wosankha tomato pamsika, mapiko osaleka kukupiza. Akapeza tsamba lanthete ankapinda mimba n'kusiyapo kadzira kamodzi kokha, kozungulira ngati kamkanda, n'kupita kukafuna tsamba lina. Anaona kambozi kakuboola dziralo, chakudya chake choyamba n'kukhala chigoba chomwecho. Kankadya, khungu likathina n'kulivula ngati malaya, kudyanso, kuvulanso, mpaka tsiku lina chitosi chija osaonekanso: m'malo mwake mbozi yonenepa ngati chala, yobiriwira ndendende tsamba la ndimu, ya timizere tofiirira m'nthiti ndi timaso tabodza pamwamba pa mutu.

"Ukaikhudza imatulutsa nyanga," Thandie analowerera, kulankhula koyamba chiikireni maliro. "Ziwiri, zofiira. Zimanunkha, ankolo. Ngati mandimu owola."

"Chete iwe, akulu akulankhula," anatero Gwanda, koma mawu ake analibe ukali.

"Mvula itayamba sankathanso kutuluka," anapitiriza Maxon. "Ndiye ndinkamuthyolera nthambi n'kumuikira pazenera. Mbozi ikakhuta komaliza imasiya kudya, imayendayenda kufuna malo. Zina zimakhala panthambi pomwepo, zina zinkakwera felemu. Ulusi mukunenawo imaluka yokha, alamu, ndi pakamwa. Imayamba yamata kumchira, kenako imapota lamba, kupita uku, kubwerera uku, ikatha imalowetsa mutu n'kutsamira, ngati aja okonza magetsi akakwera pamtengo. Mawa lake khungu limang'ambika, chatsala ndi chikwa. Cha patsamba chimabiriwira, cha pathabwa nthawi zambiri chimatuwa. Mayi a Thandie ankati telala amene amadziyeza yekha lamba wopanda tepi ameneyo ndiye telala."

Jemima anamva ngati wina wamukhudza kumsana. Mawuwo anali a Annie enieni. Anachita ngati akumva ndi kaseka kake komwe kankatsatira. Komabe munthu amene ankafotokozedwayo sankamudziwa. Iye ankadziwa kamtsikana kothawa mbozi, ndi mayi wa m'tauni wobwera pa Khrisimasi ndi madiresi osokera ana onse a pamudzi. Wachitatuyu, wogona chagada n'kumayang'anira mbozi ikudzimanga lamba, anakhalapo iye ali kutali, akupalira chimanga.

Gwanda anapukusa mutu. "Nthano yokoma. Koma ine ndakalamba ndi munda, mbozi ndimazidziwa, ntchito yake n'kuononga. Izi zipite pamoto, kaya ndi agulugufe kaya n'chiyani." Anazunguza chipewa pabondo. "Ndipo tisazungulire ngati njira ya kuchigayo. Mwana uyu tikupita naye. Kwathu mwana ndi wa kwa mayi ake, kwanu ku Thyolo n'chimodzimodzi, simunganene kuti ndi zachilendo."

Thandie anakumbatira mwendo wa bambo ake.

"Pita ukaone ngati madzi afika pampopi," Maxon anamuuza. Mwanayo anangosuntha mpaka pangodya ya nyumba n'kuima pomwepo.

"Sindikukana mwambo," anatero Maxon motsitsa mawu.

"Nanga mukukana chiyani? Alamu, tiyeni tiuzane zoona, tonse ndife akuluakulu. Za kukhwimazo tizisiye, mwina ndalakwa. Koma chifuwa chanucho ndachimva masiku onse a maliro ano. Jekete limenelo munavala paukwati wanu, linkakuthinani. Mwana ameneyu wasamalira kale wodwala mmodzi. Mukufuna asamalirenso wina?"

Matenda amenewo masiku amenewo anthu sankawatchula dzina. Ankangoti wadwala nthawi yaitali. Jemima anayang'ana pansi. Ankadziwa kuti mchimwene wake sakunama, ndipo n'chimene chinkapweteka.

"Ndikudziwa chimene ndili nacho," anayankha Maxon. "Sindikunena kuti mwana ndi wanga ndekha. Adzabwera kwanu, ndipo si kale ayi. Ndikungopempha masiku amene ndikadayenda ndi miyendo yanga. Ndimuperekeze kusukulu. Andidziwe ndili munthu. Ndikadzayamba kugona, ndidzakuitanani ndekha."

"Aliyense amatero. Tsiku logona silichenjeza."

"Adadi!" anakuwa Thandie ali pangodya paja. "Chang'ambika!"

Onse anatembenukira patebulo. Chikwa chakuda chija chinali chitatseguka kumutu ngati khoko la nyemba. Munatuluka timiyendo tiwiri takuda, toonda ngati ulusi wa makina, tikupalasa m'malere mpaka tinagwira nthambi. Kenako mutu, maso aakulu, tinyanga tiwiri titagona kumsana. Kanthuko kanadzikoka, kupuma, kudzikokanso, mpaka thupi lonse linasolotoka, lonenepa ndi lonyowa, n'kulendewera kunsi kwa nthambi.

Jemima anakhumudwa. Sanali gulugufe ameneyu. Kumsana kwake kunali tizisanza tiwiri tokwinyika, tating'ono ngati chikhadabo, ngati mpango woiwalika pansi pa beseni.

"Ndi wolumala," ananong'ona.

"Dikirani, alamu," anatero Maxon.

Kunsi kwa kanthu kaja kunadontha dontho lofiirira, n'kugwera patebulo. Gwanda anadzuka, mpando n'kugwa chagada.

"Magazi! Mwaona? Magazi a ndani amenewo?"

"Si magazi. Ndi zotsala za thupi lakale, akutaya. Onse amatero. Khalani pansi, alamu, muone. Mukaona, mukatenthe ngati mukufunabe."

Gwanda sanakhale, koma sanachokenso. Ndipo ali chiimire choncho, tizisanza tija tinayamba kukula.

Palibe amene akanaloza kuti pano ndiye pasuntha. Zinali ngati kuyang'ana mthunzi wa nyumba: ukayang'anitsitsa suyenda, ukaphethira wapita. Mimba ya kanthu kaja inkafufuma n'kuphwa, kufufuma n'kuphwa, ndipo mapiko ankatsika, makwinya akuwongoka ngati pali simbi yosaoneka ikusita kuchokera m'kati. Mawanga amene anali timadontho tothinana anayamba kutalikirana. Kuda kuja sikunali kuda wamba; kunali ngati nsalu yofewa yothiridwa fumbi la golide. Pakati pa phiko panadutsa mzere wachikasu, m'mphepete timawanga tofola ngati mikanda ya m'khosi. Ndipo kumapiko akumbuyo kunatseguka maso: lina labuluu lozunguliridwa ndi mphete yakuda ndi yofiirira, lina lofiira ngati khala la moto, kachidutswa ka buluu kali pamwamba pake.

Jemima anazindikira kuti wagwada pamkeka, chibwano chili pafupi ndi tebulo. Agulugufe otere anali atawaona kambirimbiri, akumwa pamatope m'njira ya kudimba, akudutsa pamaluwa a kutchalitchi, ndipo sanaganizepo kuti amachokera kwinakwake. Ankangoti alipo, monga mitambo ilipo. Tsono apa panali mapiko otambalala ngati chikhato chake, atatuluka m'kachikwa kosakwana chala. Anapindidwa bwanji m'menemo? Anawapinda ndani? Ndipo mbozi yobiriwira ija, ya nyanga zonunkha, inapita kuti?

"Taonani pakamwa, amayi aakulu," ananong'ona Thandie, amene tsopano anali atamuyandikira mpaka mapewa kugundana.

Pakamwa pa gulugufe panali timaulusi tiwiri. Ankatitambasula, kutipinda, kutitambasulanso, mpaka tinalumikizana kukhala kamodzi, n'kukakulunga ngati nkhata yaing'ono pansi pa mutu.

"Amabadwa lilime lili pawiri," anatero Maxon. "Akapanda kulilumikiza sangamwe. Apa mayi a Thandie ankagwira mpweya. Likalumikizana ankati, 'Zipi yatseka.' Kenako ankandiuza ndimuyandikizire kumaso, afune msoko. Zaka zonse zimene anasoka, ankati chovala chilichonse chili ndi kuseri kwake kobisa ulusi. Ichi chokha anachitembenuza uku ndi uku osapeza kuseri."

Kamphepo kanadutsa pakhonde, nthambi inagwedezeka, mapiko anthete aja n'kupendama. Gwanda anatambasula dzanja msanga natchinga ndi chipewa chake. Anakhala choncho, atawerama, chipewa chili m'malere, munthu amene kanthawi kapitako ankafuna moto. Atazindikira kuti onse akumuyang'ana anakhosomola.

"Auluka nthawi yanji?"

"Mapiko aume kaye. Mwina dzuwa likafika apo."

"Basi ya ku Ntcheu indisiya," anadandaula, koma anakoka mpando wake ndi phazi n'kukhala, chipewa chikadali chotchinga.

Anadikira. Panalibe wolankhula za makina kapena mabulangete. Mnyumba yoyandikana wailesi inkalengeza mauthenga a maliro, mayina akutsatana, midzi ikutsatana, ndipo wina anaitseka. Gulugufe ankatsegula mapiko pang'onopang'ono n'kuwatseka, ngati munthu woyesa chitseko cha nyumba yatsopano.

Jemima ankayang'ana Maxon chakumbali. Anaona mmene manja ake, owonda kale, anazungulira botolo osalikhudza. Anaganiza za miyezi yonse ija: munthu kuweruka ku Kanengo fodya akununkha m'malaya, kusambitsa wodwala, kuchapa zofunda, kenako kupita kuseri kukasankha nthambi ya masamba anthete. Kumudzi iwo ankamutchula mfiti.

"Achimwene," anatero, osadziwa kuti mawuwo atuluka liti, "ine nditsala."

Gwanda anatembenuka. "Utsala kuti?"

"Kuno. Mwana apitirize sukulu yake, akhale ndi bambo ake. Za kusamalira wodwala, zikadzafika, ndi za ine, osati za mwana. Ikadzakwana nthawi ndidzabwera naye ndekha."

"Nanga munda wako? Chimanga chili pa ngaiyaye."

"Ana anga ndi akuluakulu, akolola. Inunso mulipo."

"Ndiye ukhala nyumba imodzi ndi mlamu wako? Anthu adzati chiyani?"

"Anena kale zambiri, achimwene. Ndigona ndi Thandie. Akafuna kunena adzanene."

Maxon anaphimba nkhope ndi kansalu kake, mapewa akugwedezeka. Gwanda anayang'ana mlongo wake, nayang'ana mlamu wake, kenako anabwezera maso panthambi.

"Pa Isitala ndibwera kudzaona," anatero pomaliza. "Ndikadzapeza mwana waonda, palibenso zokambirana."

Dzuwa litafika pamwamba pa mtengo wa mapapaya wa kwa aneba, gulugufe anakwera kunsonga ya nthambi, nanjenjemeretsa mapiko. Kenako, popanda kutsanzika, anangonyamuka. Anazungulira pakhonde kamodzi ngati woledzera, anatsika mpaka pafupi ndi mkeka, nakwera, kudutsa chingwe choyanikapo zovala, kudutsa denga la malata, chikasu chake chikuthwanima ndi kuzima. Thandie anathamangira kumpanda. Gwanda anaimirira atatchinga maso ndi dzanja, ndipo anayang'anabe kumwamba ngakhale patapita nthawi kulibe choona.

Basi ya m'mawa inamusiyadi. Ananyamuka masana, Maxon ndi Thandie atamuperekeza kudepoti. Makina osokera anawasiya. Anati azigwiritsa ntchito Jemima ngati angaphunzire.

Jemima anatsala yekha, akukolopa pakhonde, pamene anamva "Odi" kumpanda. Anali mayi wamtali wovala mpango wakuda wophimba mpaka m'khosi. Anamukumbukira: ankatunga madzi pamaliro masiku onse, osakhala pansi. Anati dzina lake ndi Zaituni, wa nyumba ya kuseri kwa mpopi, kwawo ku Machinga. Dzanja lina anali atabisa kumbuyo.

"Pepani, amayi, ndabwera ndi zopusa," anatero, akuseka mwamanyazi. "Kwathu kuli kamtengo ka malalanje. Mbozi zinkakamaliza masamba, ine n'kumazithira phulusa, zina kuziponda. Tsiku lina ndikudzazonda matenda ndinadandaula, mayi a Thandie n'kundigwira dzanja. Anati, 'Musaziphe, anzanga, muzibwera nazo kuno. Mtengo wanu upulumuke, nazonso zipulumuke.' Ndiye tinazolowera, ine ndi amayi ena a mzere uno. Aliyense akapeza, amabwera nazo. Ukabwera sunkachoka msanga. Ankakufunsa za ana, za amuna, za kumudzi, iwo ali gone. Timati tikubweretsa mbozi, koma timabwerera titapepukidwa ndife."

Anatulutsa dzanja lija. Linali ndi kanthambi ka lalanje, ndipo patsamba lapamwamba panali mbozi yobiriwira, yonenepa, ikudya m'mphepete mwa tsamba mosatekeseka.

"Lero ndaipeza iyi. Ndinati eni ake apita, ndingoiponda ngati kale. Ndinaigwetsa pansi, phazi ndinatukula." Zaituni anapukusa mutu, misozi ili m'maso. "Lakana, amayi. Ndiye sindikudziwa kuti ndipite nayo kuti."

Jemima anayang'ana mbozi ija. Thupi lake linachita tsembwe, monga linkachitira kuyambira ali mwana, ngakhale iye sankathawa ngati mng'ono wake. Anatsamiritsa chokolopera kukhoma, napukuta manja pachitenje mpaka anauma.

"Lowani mukhale pansi," anatero. Ndipo anapinda maondo pang'ono, nalandira kanthambi kaja ndi manja awiri.